Waya wa Atate ndi Mtengo wa Mapeyala

Atate anasamukira kunyumba kwanga ku Kabwata ali ndi bulangete, mpando wopinda ndi wailesi yaikulu ngati bokosi la sopo. Anali ataphikira azungu ku Kabulonga kwa zaka zambiri, ndipo mzungu wina, pobwerera kwawo dziko litalandira ufulu, anawasiyira wailesiyo m'malo mwa zikomo. Kenaka anaphikanso panyumba ina ku Woodlands mpaka miyendo inayamba kutupa. Amayi anali atatisiya kale. Ine ndinkatayipa makalata mu ofesi ina ya boma m'tauni, ukwati wanga unali utatha, koma nyumba ya khonsolo ya zipinda ziwiri inali m'dzina langa, ndipo ndinkainyadira kuposa china chilichonse. Ndinkapukuta pansi ndi polishi wofiira kawiri pa mlungu, ngakhale panalibe wodzaona.

Atate sanali obadwira kuno. Mudzi wawo unali kutsidya kwa malire, ku Malawi, cha ku Mchinji, ndipo kumeneko kunatsala mkulu wawo mmodzi yekha mwa onse amene anabadwa nawo. Awiriwa anali atapangana kalekale kuti woyamba kufa adzaikidwa m'manda mnzake alipo. Kalata yochoka kumudziko inkayenda milungu itatu, nthawi zina mwezi, choncho kudalira kalata kunali kudzipusitsa. Koma wailesi ya ku Malawi inkawerenga mauthenga a maliro madzulo aliwonse. Ana a mkulu wawoyo analonjeza kuti tsikulo likadzafika adzathamangira ku boma kukapereka uthenga, ndipo adzasunga maliro masiku awiri kuti atate akwere basi ya ku Chipata afike. Ndiye ntchito ya atate pa ukalamba wawo inali imodzi yokha, kumvera ngati mkulu wawo wamwalira.

Vuto linali lakuti ku Kabwata wailesiyo sinkagwira Malawi. Ya kuno kwathu inkamveka mpaka kugontha nayo, koma ukapotoza kufuna ya kwawo unkangomva phokoso ngati mafuta akuwira m'chiwaya. Loweruka lina tinainyamula kupita nayo m'tauni, kwa munthu wina wa ku Luapula amene ankakonza mawailesi m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya mwenye. Anali atagwirapo ntchito ya mawailesi ku usilikali, ndipo ankakonda kufotokoza kuposa kukonza. Anatsegula kumbuyo, anauzira fumbi, n'kutseka.

"Ba mudala, iyi wailesi ili chabe bwino," anatero. "Vamene isoba ni kutu. Aka ka eriyo kapamwamba ni kang'ono maningi."

Anatenga pensulo n'kujambula pa katoni. Uku anaika mlongoti wautali wa ku Malawi, uku nyumba yathu. Anati mawu akachoka pa mlongoti amayenda ngati mafunde, ena amakwawa pansi koma amatopa msanga, mapiri ndi mitengo n'kuwameza asanafike ngakhale pa malire. Ena amakwera kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, kumene kuli ngati denga losaoneka, n'kugunda pamenepo n'kugwera kutali. Amenewo ndiwo ankatifika ife, atatopa kale, choncho pankafunika waya wautali, wokwezeka, woti uwatole. Anawonjezera kuti dengalo limasintha ndi dzuwa. Masana dzuwa likaswa mtengo, m'munsi mwake mumakhala ngati chifunga chimene chimameza mafundewo asanagunde n'komwe. Dzuwa likapendeka chifungacho chimatha, njira n'kutseguka.

"So ma thwelofu musavutike, simuzamvelako," anatero. "Yembekezani ma eitini."

Ine ndinkangoyang'ana kumsewu, kuganiza za mzere wa mafuta ophikira umene ndinauona ukuyamba pa sitolo ina. Atate anapinda katoni ija n'kuiika m'thumba la jekete.

Waya tinagula kwa yemweyo, wamkuwa, womasula ku injini yakufa. Mbali imodzi atate anamangirira pa nsungwi imene anaikhomera padenga lathu. Mbali inayo panalibe poimangirira koma pa mtengo wa mapeyala wa nyumba yoyandikana nafe, ndipo nyumbayo inali ya tcheyamani wa chipani wa sekishoni yathu. Tcheyamaniyo anali munthu wa mimba yake, wogwira ntchito pa sitolo ya boma, wosaipa mtima. Anavomera mosavuta, ndipo ndi iye amene anagwira makwerero pamene atate ankakwera ndi miyendo yawo yotupayo. Kumapeto konse kuwiri anaika khosi la botolo losweka kuti waya usakhudze mtengo kapena nsungwi. Waya wina unatsika pawindo kulowa m'nyumba, winanso unachoka pa wailesi kupita pa chitsulo chimene anachikhomera pansi kuseri kwa khitchini. Dothi la pachitsulopo linkayenera kukhala lonyowa, ndiye madzi onse otsukira mbale ndinalamulidwa kumathira pamenepo.

Madzulo a tsiku limenelo Malawi analowa m'nyumba mwanga. Atate analira. Ine ndinasangalala nawo, osadziwa kuti ndadziitanira bwana.

Kuyambira pamenepo madzulo anga anatha. Ndinkaweruka ntchito, kulimbana ndi basi, kufika kunyumba thukuta lili kamukamu, n'kupeza mpando wopinda uli kale patsogolo pa wailesi. Nthawi ya mauthenga ikakwana, m'nyumba munkakhala lamulo. Osakazinga kanthu. Osakoka mpando. Mnzanga akabwera kudzacheza, atate ankangokweza dzanja osatembenuka, mlendo n'kukhala chilili pakhomo ngati wabwera kudzapempha mchere. Panali mwamuna wina wa ku Chelstone amene anali atayamba kundiperekeza poweruka. Anabwera kawiri, kawiri konse anakhala chete kumvera maliro a anthu osawadziwa, kachitatu sanabwerenso. Sindinganene kuti ndinamulira kwambiri, koma atate ndinawasungira chakukhosi.

Ndipo mawuwo sankabwera mwaulemu. Ankakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Wokonza mawailesi uja anatiuza kuti mafunde amafika podzera njira ziwiri kapena zitatu, ndiye akakumana pa waya nthawi zina amathandizana, nthawi zina amaphana. Choipa chake n'chakuti ankakonda kuphana pakati pa uthenga. Wowerenga ankati, "Tikudziwitsa abale onse kuti kwamwalira bambo..." mawu n'kumira, kudzatulukira pa "mwambo wa maliro uchitika mawa." Atate ankadzuka pampando.

"Wamva mudzi, mwanawe? Anati mfumu yanji?"

"Sindinamve, atate."

"Makutu ako ndi atsopano, sunamve bwanji?"

Zikatero sankadya. Ankazungulira nyumba, kukayang'ana waya, kukathira madzi pachitsulo ngakhale panali matope kale, mpaka mawa lake uthenga womwewo utabwerezedwa n'kumva kuti ndi wa ku Mulanje. Nyengo ya mvula zinkanyanya, chifukwa mphezi iliyonse ya pakati pa kuno ndi Malawi inkathetheka m'wailesimo. Mabatire nawonso ankasowa m'masitolo. Akale ankawayanika padenga kuti dzuwa liwapatse mphamvu, atsopano ndinkawaimira pamzere ine nthawi ya nkhomaliro, anzanga akudya. Ndinkawauza kuti, "Atate, chakudza sichiimba ng'oma, mudzafa ndinu poyamba ndi kudikira kumeneku." Iwo ankangoti, "Ndiye akadzamve achimwene angawo."

Zinayenda choncho zaka ziwiri, ndipo ndikanazolowera pakanapanda nkhondo ya kummwera. Azungu a kumeneko anayamba kutumiza ndege kudzaphulitsa misasa ya omenyera ufulu imene inali pafupi ndi Lusaka. Tsiku loyamba ndinali pa ofesi, mawindo ananjenjemera, tonse tinalowa pansi pa matebulo. Pambuyo pake kunabwera malamulo oti tisayende kukada ndiponso tiziphimba mawindo. Choipa kuposa ndegezo chinali funso limene linatsala m'mitima ya anthu: adziwa bwanji poponya? Aliyense anayamba kuyang'ana mnzake. Munthu wonyamula kamera ankamenyedwa pamsika. Wofunsa njira kawiri ankaperekedwa kupolisi. Achinyamata a chipani ankaima pa siteji ya basi kufunsa makhadi a chipanicho, ndipo ine khadi langa ndinkayenda nalo m'kamisolo.

Ndinayamba kuona kuti ndikafika pa mpopi amayi ankasiya nkhani. Amene anandiuza zoona anali mkazi wa tcheyamani, tikuyanika zovala, mpanda uli pakati pathu.

"Mwandi, bantu bakamba," anatero. "Ati ija siku ndeke zinabwela, waya yanu inali kulila."

"Imalila na mphepo, amake mwana. Siku zonse imalila."

"Ine niziba. Koma futi ati ba shikulu, batate banu, bamakamba mu wailesi. Bana banabaona pa windo, milomo iyenda. Na manzi yamene mutila pa nsimbi, ni ya chani?"

Ndinaseka mokakamiza. Zinali zoona kuti milomo ya atate inkayenda. Dzina lililonse la womwalira ankalibwereza chamumtima n'kunena kuti Ambuye amulandire, ngakhale munthu sakumudziwa. Sindinaganizepo kuti munthu woyang'ana pawindo angaone nkhalamba itaweramira bokosi, ikunong'ona, waya wake utaloza kumwamba.

Lachinayi madzulo tcheyamani anabwera yekha, atavala shati ya chipani, ndipo anakana kukhala pansi. Anati nkhani yafika ku buranchi, kwa akuluakulu a chipani, ndipo iye wafunsidwa chifukwa waya uli pa mtengo wake. Loweruka nthawi ya thwelofu sekishoni yonse idzasonkhana pakhomo pathu, atate adzaonetse anthu chimene wailesiyo imachita.

"Bwerani madzulo, a tcheyamani," anatero atate. "Masana siimveka."

"Ba mudala, mazulo kuli kefyu. Na ba ku buranchi banakamba ati thwelofu. Ngati ni Malawi chabe yamene mumvela, si muzatsegula timvele tonse? Yasila nkhani."

Atatuluka ndinatseka chitseko n'kuwagwadira atate. Ndinawapempha kuti titsitse waya m'mawa kusanache, tinene kuti tamvera. Anakana. Anatulutsa kalata imene inali itafika mlungu womwewo, yonena kuti mkulu wawo sakudzukanso, akuchita kumunyamula pomutulutsa padzuwa, ndipo phala akumwa masipuni atatu.

"Ndadikira zaka ziwiri," anatero. "Nditsitse lero, pamene watsala pang'ono?"

"Akakutengani apolisi mukamvera kuti? Nanga ine akandilanda nyumba?"

"Waya uja ndi khutu, si pakamwa. Ndidzawauza. Anthu si nkhuku, adzamva."

Lachisanu nthawi ya nkhomaliro ndinathamangira kwa wokonza mawailesi uja kuti abwere adzachitire umboni. Ndinapeza mawaya onse amene ankalendewera padenga la kachipinda kake atachotsedwa. Anandimvera akupukuta manja pa ovolosi, maso ali kukhomo. Anati kuti wailesi itumize mawu pamafunika makina ena, amphamvu, odya magetsi ambiri, ndipo bokosi la atate ndi mabatire ake oyanika padzuwa silingatumize mawu ngakhale kuchimbudzi. Ndinati ndiye bwerani mudzanene zimenezo.

"Sisi, nili na bana faivi," anatero. "Ine nikaimilila paja, bazafunsa ati uyu aziba bwanji vonse ivi? Chosani chabe waya. Na thwelofu, nakuuzani kudala, kulibe vamene muzamvela."

Ndinabwerera ku ofesi wapansi, ndipo masana onsewo ndinalakwitsa kalata imodzi katatu.

Loweruka kunatentha kuyambira m'mawa. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili paliponse, mitengo ya jakaranda itayoyola maluwa. Pofika thwelofu pakhomo panga panali anthu amene sindinawaonepo chisamukire ku Kabwata, ena atakwera pa mpanda, ena atapondaponda maluwa anga. Kunabwera amuna awiri a ku buranchi ndi achinyamata a chipani asanu kapena asanu ndi mmodzi. Atate anavala jekete ndi tayi. Anatulutsa wailesi n'kuiika pa tebulo pakhonde, waya atautulutsira pawindo.

Tcheyamani anayamba ndi mawu a chipani, anthu n'kuyankha. Kenaka anati, "Manje ba mudala, tiuzeni. Iyi waya ikamba na ndani?"

Atate anafotokoza bwino, ndiyenera kuvomera. Anatulutsa katoni ija, yothimbirira, n'kuonetsa mlongoti, denga la kumwamba, ndi nyumba yathu. Anati mafunde a mawailesi a dziko lonse akudutsa pano pamene taimapa, akudutsa m'nyumba ya aliyense, ndipo waya umangotola ngati mmene ukonde umatolera nsomba. Ananena za mkulu wawo ndi pangano lawo. Amayi ena achikulire anagwedeza mitu. Koma mmodzi wa a ku buranchi, wamtali, wa magalasi akuda, anadula.

"Mwakamba ati ma wevu yapita mu nyumba zathu tonse. Nanga ni chifukwa chani imwe mweka muli na waya? Chintu chamene chimvela patali, chingakambe futi patali. Tsegulani."

Atate anatsegula. Anaika singano pamalo pake pa masiku onse, pamene anali atalembapo ndi pensulo. Panangomveka kuwira kuja. Anakweza mawu, kuwirako kunakula. Anayang'ana kumwamba, dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo kulowa m'kolala.

"Ndinanena kuti masana siifika," anatero. "Dzuwa limatseka njira. Mukadikira mpaka madzulo..."

"Zuba itseka njila!" anatero wachinyamata wina, anzake n'kuseka.

Akanangosiya pamenepo mwina zikanatha ndi kuseka. Koma atate anafuna kupeza kanthu kena kalikonse koti anthu amve, ndiye anayamba kupotoza. Panamveka likhweru lalitali. Anapotozanso. Kenaka, momveka bwino ngati zili m'khonde momwemo, panatuluka timawu tija ta makina, ti-ti-ti, tii-tii, ti-ti, timene timamveka pa wailesi iliyonse yotere ukamadutsa pakati pa masiteshoni. Ine ndinali nditatimva kambirimbiri. Anthu aja anali asanatimvepo. Amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo, mayi wina anakoka mwana wake. Atate anasintha bandi kuti athawe timawuto, n'kugwera pa siteshoni yamphamvu ya kummwera, mzungu akuwerenga nkhani m'chilankhulo cha azungu a kumeneko.

Kenaka aliyense anayamba kulankhula.

"Ni ma kodi aya, mau ya chinsinsi!"

"Bamuyanka! Mwamvela, bamuyanka!"

"Ali na reji uyu mudala? Ni wa kuti?"

Funso la rejilo ndi limene ndinkaliopa, chifukwa chitupa cha atatecho chinali cha mtundu wa alendo. Wa magalasi akuda uja anati nkhalambayi ipite kupolisi pamodzi ndi bokosi lake, ndipo afufuzenso kuti nyumba ya khonsolo ikusunga anthu otani. Achinyamata awiri anakwera pakhonde. Mmodzi anagwira atate pa mkono wa jekete. Tcheyamani ankangopukuta nkhope ndi kansalu, osayang'ana aliyense.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndinangopezeka ndanyamula mtengo wokwezera chingwe cha zovala, wamphanda kumapeto. Ndinakola waya uja pakati n'kukoka ndi thupi langa lonse. Nsungwi ya padenga inathyoka, khosi la botolo la ku mtengo wa mapeyala linaphulika, waya unagwera pa anthu, iwo n'kubalalika ngati wagwa ndi moto. Ndiye ndinayamba kukalipa, ndipo pakamwa panga pamene pamandivutitsa chibadwire panagwira ntchito tsiku limenelo.

"Tengani! Tengani waya yanu! Muona monga uyu mudala angankale spai? Mutu unasila kudala uyu! Amakamba yeka, amalila na bantu bakufa bamene sabaziba, amatila manzi pa nsimbi monga ni munda! Nalema naye ine! Olo nsapato savala bwino, ndiye akambe na ndeke? Mufuna mumutenge, mutengeni, muzamusambika mweka!"

Wina anaseka kumbuyo. Kenaka ena. Wachinyamata uja anasiya mkono wa jekete. Tcheyamani anapeza polowera, anati nayenso wakhala akuona kuti ba mudala mutu suli bwino, ndipo popeza mwana wawo wachotsa yekha waya pamaso pa chipani, nkhani ithere pomwepo. Wa magalasi akuda anakulunga waya uja pa mkono n'kupita nawo. Anthu anamwazikana akuseka, ena akuyeserera, "zuba itseka njila."

Ndinali nditawapulumutsa, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti pakanapanda ine akanagona m'chitolokosi. Koma nditatembenuka ndinawapeza ataima pomwe paja, katoni ili m'manja, akundiyang'ana. Munthu amene anaphikira mabwana zaka makumi atatu osaswa mbale, amene sankatuluka pakhomo nsapato zisanapukutidwe, ndinali nditamuvula pamaso pa Kabwata yense. Anazimitsa wailesi n'kuilowetsa m'nyumba okha.

Madzulo amenewo anakhala pampando wawo monga mwa masiku onse, anakoka ka eriyo kapamwamba mpaka pothera, n'kutsegula. Kuwira kokhakokha. Tsiku lachiwiri anamangirira kachidutswa ka waya kotsala pa masipuling'i a bedi. Panamveka ngati munthu akulankhula pansi pa madzi, osatola ngakhale liwu limodzi. Tsiku lachitatu anazungulira nayo nyumba yonse, pakona iyi, pakona iyo, kuikweza pamwamba pa kabati, kuitsitsa. Ine ndinali m'khitchini, nditagwira mpeni ndi anyezi, osadula. Ndinkafuna kupepesa koma mkwiyo unali usanathe, ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinawapeza atavala, bulangete atalimanga ndi chingwe.

"Ngati sindingamve ndili kuno, ndikakhale komweko," anatero.

Ndinawauza kuti msewu wa kummawa uli ndi asilikali, pa mlatho wa Luangwa akutsitsa anthu, miyendo yawo siingapirire basi ya tsiku lonse, kumudzi kulibe chipatala. Anandimvera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa ngati ndiwaperekeza kapena apite okha. Ndinawaperekeza ku siteshoni ya mabasi ku Kamwala. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, titakhala pa katundu wa anthu ena, ndipo nthawi yonseyo tinalankhula za mtengo wa mabanzi ndi za fumbi. Basi itayamba kulira ndi pamene ndinagwira dzanja lawo.

"Atate, zija ndinanena zija..."

"Unachita bwino, mayi. Ukanapanda kutero akananditenga." Anayang'ana kumapazi kwawo. "Koma za nsapato zija unanama."

Ndinaseka ndi misozi. Iwo sanaseke.

"Wailesi ndakusiyira," anatero. "Zinthu zikazizira ukweze waya. Tsopano womvera ndiwe."

Ndinavomera. Ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo panthawiyo sindinkanama.

Mkulu wawo uja sanafe msanga. Atate anamudwazika miyezi isanu ndi iwiri, kumumwetsa phala ndi kumutembenuza, ndipo anamuika m'manda alipo, monga anapanganirana. Anandilembera kuti sabweranso ku Lusaka, miyendo yakana, ndiponso apeza kamunda ka fodya koyang'anira. Nkhondo ya kummwera inatha, ndege zinasiya kubwera, mawindo tinavundukula. Anthu anaiwala. Tcheyamani yemwe uja tsiku lina anandiitana pa mpanda n'kunena kuti ngati ndikufuna kumangiriranso waya pa mtengo wake, iye alibe nazo vuto.

Waya ndinagula. Unakhala pamwamba pa kabati, wokulungidwa bwinobwino. Ndinkati Loweruka likubwerali, Loweruka n'kupezeka kuli mzere wa shuga. Ndinkati ndipeze munthu wokwera padenga. Mabatire anasowanso. Zifukwa zinalipo zambiri ndipo zonse zinali zoona, koma chenicheni n'chakuti madzulo anga anali atabwerera, ndipo ndinkawakonda. Ndinkakazinga nsomba nthawi imene ndafuna, anzanga ankabwera n'kuseka mokweza. Ndiponso ndinkaopa kukhala pampando uja tsiku ndi tsiku kudikira dzina la atate anga. Ndinkadziuza kuti ndi olimba, chaka chino ayi.

Kalata iliyonse yawo inkatha ndi funso lomwelo: kodi mawu akufika bwino? Ine ndinkayankha pa makina a ku ofesi, mwaukhondo, opanda cholakwika ngakhale chimodzi. Akufika bwino, atate, musadandaule.

Kalata yomaliza sinali ya dzanja lawo. Inandipeza pa ofesi Lachiwiri m'mawa, ndipo chidindo cha pa envulopu chinali cha milungu itatu yapitayo. Wolemba anali mwana wa mkulu wawo uja.

"Achemwali, bambo aang'ono anatisiya Lamulungu m'mawa. Uthenga tinapereka ku wailesi tsiku lomwelo ndipo anauwerenga madzulo atatu. Iwo asanamwalire anatiuza kuti tisavutike ndi telegalamu, chifukwa inu mumamvera tsiku lililonse, simuphonya. Choncho tinakudikirani masiku awiri, ndipo basi iliyonse ikamveka tinkatuma munthu kumsewu. Tsiku lachitatu kunatentha kwambiri, sitikanathanso kusunga. Tikhululukireni kuti tinaika musanafike."